Kodi maphunziro a madokotala a ziweto amafika bwanji pakhola langa?

Mayi wina woweta nkhumba ndi mbuzi watilembera motere: "Pa wailesi timamva kawirikawiri kuti madokotala a ziweto a boma ali ku maphunziro, ena apita kunja, bungwe lakuti lathandiza ndi zipangizo za labu. Koma nkhumba zanga zitayamba kufa ndinadikira masiku angapo osaona munthu. Atabwera anangotenga magazi n'kumapita, ndipo zotsatira sindinazimve mpaka lero. Kodi maphunzirowa ndi mgwirizano ndi mayiko ena zili ndi phindu kwa ife oweta, kapena ndi njira yongodyera alawansi?"

Mayi, pepani kwambiri ndi nkhumba zanu. Funso lanu lili ndi mbola, ndipo sindikufuna kuizula, chifukwa zina mwa zimene mukukayikirazo n'zoona. Ndagwira ntchito ya udokotala wa ziweto zaka zambiri, ndakhalapo pampando wa wophunzira ndi pa wa mphunzitsi, ndipo maphunziro oti anthu abwerera alawansi basi ndawaona ndi maso angawa. Komabe ndikati zonse n'zachabe ndiye kuti ndikukunamizani. Maphunziro ndi mgwirizano wa mayiko ndi zimene zinathetsa matenda oopsa kwambiri a ng'ombe amene anthu anawadziwapo. Zimathandiza ndithu, koma zimafika pakhola pokhapokha boma la dzikolo likamalipira lokha zinthu zosakoma kujambula: malipiro a mlangizi, mafuta a njinga yamoto, magetsi a furiji, mankhwala oyezera a mu labu. Mlendo sakonda kulipira zimenezo, ndipo akalipira sakhalitsa.

Tiyambire pa magazi anatengedwa aja. Nkhumba zikamafa motsatizana, thupi likutentha, makutu ndi kumimba kutafiira, chimene dokotala amayamba kuganizira ndi chigodola cha nkhumba. Matendawa alibe mankhwala. Choncho ngati munthu uja anabwera wopanda jakisoni wobaya nkhumba zotsala, musafulumire kumutcha waulesi. Pa matenda otere ntchito yake ndi kutsimikiza dzina la matendawo, kutseka njira kuti asatuluke m'khola lanu, kufufuza kumene achokera ndi kuchenjeza oweta ena. Dokotala woyima payekha amasamala chiweto cha amene wamulipira. Nthambi ya boma imayang'ana ziweto za dziko lonse, nyama imene anthu akudya, malire kumene ziweto zikulowera, ndi mankhwala amene akugulitsidwa.

Ndiye taonani zimene munthu ameneyo ayenera kudziwa asanafike n'komwe pakhomo panu. Magazi oti akafufuzemo kachilombo kenikeniko amathiridwa m'kabotolo ka chivindikiro cha pepo. Akalakwitsa n'kutenga ka chivindikiro chobiriwira, mankhwala a m'menemo amasokoneza makina a PCR, amene amafufuza kachilombo m'magazimo, ndipo labu ikhoza kunena kuti mulibe kanthu matenda alimo. Nkhumba ikakhala yafa kale, amaing'amba n'kudula kachidutswa ka kapamba, ka impso ndi timwanabere, chilichonse m'kabotolo kakekake. Zonsezi zimalowa m'bokosi lozizira ndipo zifike ku labu zisanayambe kuola. Pa kabotolo alembe ndi cholembera chosafufutika ndi madzi. Pa fomu alembe tsiku limene nkhumba yoyamba inafa, zingati zadwala, ngati munagula nkhumba yatsopano kapena kubwereka yaimuna, ndi anthu amene analowa m'khola. Potuluka atsuke nsapato ndi matayala ndi mankhwala, apo ayi iye mwini ndi amene akatule matendawo pakhola lotsatira. Palibe amene amabadwa akudziwa zimenezi, ndipo wosazichita kawirikawiri amaziiwala.

Kuchoka pamenepo kabotolo kamayenda pa unyolo. Kamachoka kwa mlangizi kupita ku ofesi ya chigawo, ku labu, kenako zotsatira zimafika kwa mkulu wa madokotala a ziweto amene ali ndi mphamvu yoletsa kuyenda kwa nkhumba, ndipo uthenga uyenera kubwerera njira yomweyo mpaka kwa inu. Zimene mumamva pa wailesi zoti akulimbikitsa luso la nthambi ya ziweto, tanthauzo lake ndi kukonza mphete za unyolo umenewu kuti pasapezeke yoduka. Kwa inu zinaduka ziwiri: yoyamba, yobwera msanga, ndi yomaliza, yobweza yankho. Yomalizayi ndi imene imandiwawa kwambiri, chifukwa sifuna makina kapena tikiti ya ndege. Imangofuna foni ndi munthu amene anaphunzitsidwa kuti zotsatira ndi za mwini nkhumba. Woweta amene sanauzidwe kanthu, ulendo wina sanena. Amapha msanga n'kugulitsa nyama, matenda n'kukwera njinga kupita kumene anali asanafike.

Kuti muone mphamvu ya mgwirizano ndi pamene umagwera, ndikusimbirani nkhani ya rinderpest, mliri wa ng'ombe umene ana obadwa lero sadzauona. Unalowa mu Africa cha m'ma 1887 kudzera ku Eritrea, ndi ng'ombe zimene asilikali a Italy anabweretsa, ndipo patatha zaka khumi unali utafika kunsonga ya kummwera. M'madera ambiri unapha ng'ombe 8 kapena 9 pa 10 zilizonse, njati ndi nyama zina zakutchire osazisiya, njala n'kutsatira. Ku Ulaya mliri womwewu unali umodzi mwa zifukwa zokhazikitsira sukulu yoyamba ya madokotala a ziweto ku Lyon, m'dziko la France, mu 1761. Mu 1920 unatulukira mwadzidzidzi ku Belgium, utabwera ndi ng'ombe zochokera ku India zimene zinaima padoko la Antwerp paulendo wa ku Brazil. Mantha amenewo ndi amene anabala bungwe la OIE, loona za umoyo wa ziweto padziko lonse, mu 1924, mayiko 28 atasaina pangano ku Paris. Lero limatchedwa WOAH ndipo lili ndi mamembala oposa 180. Mwachidule, udokotala wathuwu ndi mgwirizano wake zinabadwa chifukwa matenda sapempha chilolezo pamalire.

Katemera wabwino anapezeka. Walter Plowright ndi anzake anamupanga ku Muguga, m'dziko la Kenya, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi kumayambiriro kwa ma 1960. Jakisoni mmodzi, ng'ombe yatetezedwa moyo wake wonse. Kuyambira 1962 mpaka 1976 kunachitika kampeni yaikulu yotchedwa JP15 m'mayiko 22, ndi ndalama zakunja, magalimoto akunja, akatswiri akunja. Ng'ombe mamiliyoni ankhaninkhani zinabayidwa, matenda anazimiririka pafupifupi paliponse, ndipo anthu anaomba m'manja. Chotsala chinali choti dziko lililonse lipitirize kubaya ana a ng'ombe chaka ndi chaka ndi kumayang'anitsitsa. Apa ndi pamene zinagwera. Pulojekiti itatha magalimoto anafa, mafuriji anazima, olondera matenda analibe mafuta. Kachilombo kanali katabisala cha kumalire a Mali ndi Mauritania, ndi kummwera kwa Sudan ndi mbali zina za Ethiopia. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kanatuluka n'kusesa kuchokera mbali zonse ziwiri, ndipo Nigeria inataya ng'ombe zosawerengeka. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. JP15 inali mame amene anakamuka dzuwa litangotuluka.

Mu 1986 anayambiranso, pansi pa ofesi ya ziweto ya bungwe la mayiko a Africa ku Nairobi, ndi kampeni yotchedwa PARC. Chimene ndimafuna ophunzira anga agwiritse n'chakuti kachilombo ka mu katemera kanali komwe kaja ka Plowright. Chimene chinasintha ndi anthu ndi kachitidwe. Anakhazikitsa PANVAC, labu yoyeza ngati katemera wopangidwa m'mafakitale osiyanasiyana alidi ndi mphamvu, imene lero ili ku Bishoftu ku Ethiopia, chifukwa kunapezeka kuti wina amene ankabayidwa anali wofooka. Mothandizidwa ndi FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, ndi IAEA, bungwe la ku Vienna loona za mphamvu ya nyukiliya, anaphunzitsa ogwira ntchito m'malabu a mayiko kuyeza magazi a ng'ombe zobayidwa, kuti aone ngati chitetezo chalowadi. Gulu likanena kuti labaya ng'ombe zonse koma magazi akukana, aliyense ankadziwa kuti pali vuto, kaya furiji, kaya bodza. Cha m'ma 1990 Jeffrey Mariner ndi anzake anakonza kaumitsidwe ka katemerayo kuti azitha mwezi wathunthu wopanda furiji.

Katemera wopirira kutenthayu anatsegula khomo limene madokotala ambiri sankalifuna. Ku Afar ku Ethiopia, ndi kummwera kwa Sudan kumene kunali nkhondo, anaphunzitsa abusa a ng'ombe eniake, osankhidwa ndi anzawo, ambiri osadziwa n'kulemba komwe, kusungunula katemera, kubaya ndi kudula chizindikiro pakhutu. Ankayenda wapansi kumene galimoto ya boma sikanafika, ndipo magazi atayezedwa anasonyeza kuti ntchito yawo sinkachepera pa ya magulu a boma. Madokotala nawonso anaphunzira chinthu chimene kusukulu sanaphunzitsidwe: kukhala pansi ndi oweta, kufunsa dzina la matenda m'chilankhulo chawo, kumva chaka chimene anadutsa ndi njira imene anadzera. Oweta ndi amene analoza kumene kachilombo kanabisala. Pamapeto pake panafunika kulimba mtima kosiya kubaya, kuti aone ngati matenda atulukenso, ndipo dziko silingayerekeze kutero ngati silikhulupirira maso a anthu ake ndi a mayiko oyandikana nalo. Rinderpest anapezeka komaliza mu 2001 mu njati za m'nkhalango ya Meru ku Kenya. Mu 2011 analengezedwa kuti watha padziko lonse, matenda achiwiri kutha pambuyo pa nthomba ya anthu.

Nkhaniyi ikukhudza mbuzi zanu. Pali matenda otchedwa PPR, msuweni wake wa rinderpest, amene amagwira mbuzi ndi nkhosa. Mu 2015 ku Abidjan mayiko anagwirizana zowathetsa pofika 2030. Katemera wake ndi wabwino, koma mbuzi zimaswana ndi kugulitsidwa msanga, kotero m'zaka zochepa khola limadzaza ndi zosabayidwa. Ine ndikuona kuti 2030 ndi pafupi kwambiri, ndipo chimene chidzachedwetse ndi chomwe chija cha JP15.

Tsopano ku maphunziro enieniwo. Alipo a mitundu iwiri, ndipo kuwasiyanitsa sikovuta. Oyamba ndi a masiku atatu mu hotela, zithunzi pakhoma, sitifiketi, chithunzi cha gulu, aliyense kwawo. Pa amenewa ndili ndi mlandu wanga. Nthawi ina ndinaphunzitsa katengedwe ka magazi ndi ziwalo zopita ku labu, ndipo nditayang'ana m'chipindamo ndinapeza kuti pafupifupi onse anali mabwana a maofesi, anthu oti papita zaka asanagwire khutu la nkhumba. Amene amalowa m'makola anatsala, chifukwa kalata yoitana inafikira pa desiki ya bwana ndipo inatchula alawansi. Ndinaphunzitsa bwino, anandiombera m'manja, ndipo palibe kabotolo ngakhale kamodzi kamene kanasintha kayendedwe. Kuyambira pamenepo ndimafunsa mayina ndi ntchito za obwera ndisanavomere.

Achiwiri ndi amene munthu amaphunzira manja ali m'ntchito. Chitsanzo ndi ISAVET, maphunziro amene FAO inayambitsa mu 2018 mogwirizana ndi yunivesite ya Texas A&M ya ku America, ndipo achitika m'mayiko angapo a mu Africa. Wophunzira amakhala milungu inayi m'kalasi ndi kumakola, kenako amabwerera kuntchito kwake kwa miyezi itatu kukafufuza vuto lenileni la m'dera lake, ali ndi womuyang'anira amene amawerenga zimene walemba n'kumubweza akalakwitsa. Sitifiketi imabwera ntchito itaoneka. Ubwino wake ndi woti munthu sachotsedwa pamalo pake nthawi yaitali, ndipo amaphunzira ndi njinga yomweyo, mafomu omwewo ndi mavuto omwewo amene adzakhale nawo mawa.

China chimene ndimachikonda ndi cha bungwe la ku Ulaya la EuFMD, limene kwa zaka zingapo lakhala likutengera madokotala ku Kenya, Turkey ndi Nepal kukaona matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi ali pa ng'ombe yamoyo. Taganizani, dokotala wa ku Ulaya kapena ku Australia, wa madigiri ake, amene matendawa anangowaona m'buku, akuphunzitsidwa ndi mnzake wa ku Kenya kukoka lilime la ng'ombe. Amaphunzira kuwerenga zaka za chilonda, titero kunena kwake. Tsiku loyamba pamakhala thuza lodzaza madzi. Lachiwiri thuza laphulika, pansi pali pofiira kwambiri, m'mbali muli mwakuthwa ngati modula ndi lumo. Lachitatu kufiira kwayamba kuzilala ndipo pakuyala kansalu kachikasu. Pofika sabata chilonda chikutsekeka ndi chipsera. Ukapeza chilonda chakale kwambiri m'khola, umawerenga chobwerera mpaka masiku 14, ndipo ukudziwa nthawi imene matenda analowa. Kenako umafunsa mwini khola kuti m'masiku amenewo kunabwera galimoto yanji, ng'ombe zinamwa kuti, anagulitsa kwa yani. Lilime limodzi limakuuza makola oti uthamangireko lero. Apa mgwirizano ukuyenda mbali zonse ziwiri, ndipo amene ali ndi matenda ndiye mphunzitsi.

Za zipangizo za labu, mwakhudza pachilonda. Ndinalowapo mu labu ina, dzina lake tilisiye, momwe makina a PCR atsopano anali atafunditsidwa nsalu pakona, chikwangwani cha wopereka chili mbee. Mankhwala oyezera amene anabwera nawo anatha mphamvu chaka chapitacho, bajeti yogulira ena inalibe mzere wake, ndipo mtsikana amene anapita kunja kukaphunzira kuwayendetsa anali atapeza ntchito yolipira bwino kwina. Sindimamuimba mlandu. Munthu ukamuphunzitsa mtengo wake umakwera, ndipo boma limene silikweza malipiro kapena kumupatsa zogwirira ntchito likuphunzitsira ena. Njira imene imachepetsako vutoli ndi yophatikiza malabu awiri, imene WOAH inayamba mu 2006: labu yodziwa kwambiri matenda ena imayenda limodzi ndi labu ya dziko lina kwa zaka ziwiri kapena zitatu, anthu akupita uku ndi uku, ophunzira ali angapo osati mmodzi. Labu yaikulu imatumizanso timabotolo tosalembedwa zimene tili nazo, kuti inayo iyeze n'kunena. Ikalakwa, amafufuzira limodzi pamene palakwika. Mayeso obisika amenewa ndimawakhulupirira kuposa sitifiketi iliyonse yopachikidwa pakhoma.

Kumene zoterezi zingafike, onani Botswana. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi ataopseza malonda ake a nyama ku Ulaya, dzikolo linamanga fakitale yake ya katemera ku Gaborone mothandizana ndi kampani ya Mérieux ya ku France. Lero Botswana Vaccine Institute imagulitsa katemera kumayiko ambiri ndipo ndi labu imene WOAH imaizindikira pa matendawa, ikugwira ntchito limodzi ndi labu ya Pirbright ya ku Britain. Mlendo anabweradi ndi kalumo kakuthwa, koma eni mudzi anali ndi chifukwa chawochawo chosungira kalumoko, ndipo anaikapo ndalama zawo.

Nanga boma limadziwa bwanji mphete yofooka? WOAH ili ndi njira yotchedwa PVS, imene inayamba cha m'ma 2007 ndipo mayiko oposa 140 aigwiritsapo ntchito. Dziko limaitana lokha akatswiri akunja, iwo amayendayenda milungu iwiri kapena itatu, kumalire, kophera nyama, kumalabu, kumaofesi akutali, n'kupereka mamakisi kuyambira 1 mpaka 5 pa mbali 45: chiwerengero cha antchito, maphunziro awo, ndalama, malamulo, kayendedwe ka malipoti ndi zina. Pambuyo pake angathe kuwerengera limodzi ndalama zofunika kuti zinthu zikwere. Ndi galasi labwino. Vuto lake ndi loti dziko lili ndi ufulu wobisa lipotilo, ndipo lipoti lingathe kugona mu kabati mpaka akatswiri ena adzabwere kudzapeza zomwe zija. Likafika kwa nduna ya zachuma ndi aphungu ndi pamene limagwira ntchito. Chimene chimatuluka kawirikawiri m'malipoti otere ndi kuchepa kwa anthu a pakati, alangizi ndi othandizira madokotala, amene ndiwo amafika pakhola ngati lanu, komanso kusowa kwa bungwe lamphamvu lowalembetsa ndi kuwalanga akalakwa. Mayiko ambiri anadula antchito amenewa m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, pamene obwereketsa ndalama ankakakamiza maboma kuchepetsa zolipira, poganiza kuti madokotala oyima paokha adzatseka mpatawo. M'matauni ndi m'mafamu akuluakulu zinatheka. Kwa woweta wa nkhumba khumi kutali ndi msewu, sizinatheke.

Musaganize kuti ndi vuto la mayiko osauka okha. Mu February 2001 matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi anapezeka pophera nyama ku Essex, ku Britain. Anayambira pafamu ya nkhumba kumpoto kwa England imene sinanene msanga, ndipo pamene ankatsimikizidwa anali atafika kale m'mafamu osachepera 57, atayenda ndi nkhosa kudzera m'misika. Lamulo loletsa kuyenda kwa ziweto linachedwa masiku atatu. Ziweto zoposa 6 miliyoni zinaphedwa, ndipo madokotala a boma anachepa mpaka anaitanitsa ena ku America, Australia ndi New Zealand. Dziko lokhala ndi labu yotsogola padziko lonse pa matenda omwewo linagwa chifukwa cha masiku ochepa amene anatayika pachiyambi.

Pali china choti ndikuuzeni mosabisa. Wopereka ndalama amakhala ndi mantha akeake. Chimfine cha mbalame cha H5N1 chitafalikira cha m'ma 2005 ndi 2006, ndalama zinasefukira m'nthambi za ziweto, pamene nkhuku za anthu wamba zinkafa ndi chitopa, ng'ombe ndi nkhupakupa, mbuzi ndi njoka za m'mimba. Mantha awowo si opusa, chifukwa pafupifupi 60 pa 100 ya matenda opatsirana a anthu amachokera ku nyama. Koma mkulu wa nthambi wochenjera amalandira ndalama za chimfine n'kumangira zinthu zogwira pa matenda onse: bokosi lozizira, munthu wodziwa kufufuza mliri, njira yotumizira malipoti pa foni. Wosachenjera amalola pulojekiti iliyonse kukhala ndi galimoto yake, fomu yake ndi alawansi yake, mpaka mlangizi mmodzi amadzaza mafomu asanu a mabwana asanu, ng'ombe osaiona. Kumene zinthu zayenda, boma linagwira chiwongolero. Chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ndipo njira yake ndi yodziwika: kubaya agalu 70 pa 100 alionse chaka ndi chaka. Mayiko a ku Latin America anagwirizana pa zimenezi kuyambira 1983, akugawana luso koma dziko lililonse likuyendetsa kampeni yake, ndipo mu 2019 WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, inatsimikiza kuti Mexico yathetsa imfa za chiwewe chochokera kwa agalu.

Ndipo pali mphete ina imene maphunziro paokha sangaikonze. Dziko lililonse la mu WOAH linalonjeza kulengeza matenda oopsa pasanathe maola 24 atatsimikizidwa. Koma kulengeza kumatseketsa misika, ndiye nduna imakhala ndi chiyeso chobisa, chimodzimodzi woweta amene akudziwa kuti akanena nkhumba zake ziphedwa popanda chipukutamisozi. Chigodola cha nkhumba chinafotokozedwa koyamba ku Kenya mu 1921. Mu 2007 chinafika ku Georgia, chinadutsa Russia, chinalowa m'mayiko a European Union mu 2014, ndipo mu August 2018 chinapezeka ku China, kumene kunali pafupifupi theka la nkhumba za padziko lonse. Pa ulendo wonsewo chinayenda kwambiri ndi anthu: nyama, zotsala za chakudya, magalimoto, nsapato. Dokotala wophunzira bwanji sangaone matenda amene abisidwa. N'chifukwa chake ndikafunsidwa kuti ndalama zipite kuti, ndimatchula thumba la chipukutamisozi ndisanatchule makina.

Muyeso umene ine ndimagwiritsa ntchito ndi masiku. Kuchoka pamene chiweto choyamba chadwala mpaka wina wanena, masiku angati? Kuchoka pa kunena mpaka kufika pakhola? Kuchoka pakhola mpaka labu yayankha, ndipo mpaka mwini ziweto wamva? Maphunziro amene sanachepetse limodzi mwa manambala amenewa pakatha chaka, muli ndi ufulu wowatcha dzina limene mwawatchalo. Mukakhala m'gulu la oweta, funsani mafunso amenewa pamsonkhano pamene akuluakulu a nthambi abwera, ndipo funsaninso kuti mwa amene anapita ku maphunziro chaka chatha, ndi angati amalowa m'khola.

Za magazi anu, musadikirenso. Pitani kwa amene anawatenga mukamufunse nambala imene analemba pa fomu, tsiku limene anatumiza ndi labu imene anatumizako. Akakhala kuti sanatumize, kaya chifukwa cha mafuta kaya bokosi lozizira, akuuzeni, ndipo mukaonane ndi dokotala wamkulu wa chigawo muli ndi kalata yolembamo masiku onse: loyamba kufa, limene munanena, limene anabwera. Ngati zotsatira zikuti ndi chigodola, mbuzi zanu zili bwino chifukwa matendawa sazigwira, anthunso sawagwira, koma kachilombo kake kamakhala miyezi m'nyama youmitsa kapena ya mufuriji, choncho nyama ya nkhumba zimenezo isatuluke pakhomo. Zakufa zikwiriridwe mozama, khola likolopedwe n'kupopera mankhwala amene dokotala akuuzeni, likhale lopanda nkhumba masiku osachepera 40. Poyambiranso ikani ziwiri kapena zitatu zokha muone kaye mmene zikhalire, ndipo pakhomo la khola pakhale beseni la mankhwala ndi nsapato zimene sizipita kwina kulikonse.